Kwanu N'kuti? Mlandu wa Ku, Kwa ndi Pa

Pamsonkhano wathu wa alembi mwezi wathawu mnzathu wina anatiwerengera nthano yake. Dzina lake ndilisunga, pakuti mlandu umene ndikufuna kuzenga pano si wake yekha. Tonse amene timakhala m'chipinda chija tili nawo. Nthanoyo inali ya mtsikana wokhala m'mudzi wina m'boma la Machinga. Atatha kuwerenga ndinakweza mkono ndi kufunsa kuti Machinga wake uti. Anthu anaseka. Mmodzi mwa aphunzitsi athu, mwaulemu ndithu, anati tisataye nthawi ndi jogalafe, tabwera kudzakamba za luso la kalembedwe. Ndinakhala pansi, koma mtima sunakhale pansi ayi, ndipo popeza mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndalemba.

Funso langa linali la luso lomwelo. Mtsikana wa kwa Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amakula ndi matope a m'munda wa mpunga kumapazi ndi fungo la matemba m'zovala. Makolo ake amawerenga zaka potchula pamene nyanja inaphwa, 1968, 1995, 2018. Wa kwa Ngokwe akayang'ana kum'mawa amaona nyanja ya Chiuta, ndipo tsidya lake ndi Mozambique, kumene mwina kuli azakhali ake. Wa kwa Nyambi ali kumtunda, kwa mapiri ndi fodya. Wa pa tauni ya Liwonde amagona akumva mvuu ndi malole. Atsikana anayi awa sadya ndiwo zofanana, saopa zinthu zofanana, ngakhale njira imene angathawire atakana ukwati ndi yosiyana. Mlembi amene wawaunjika onse m'mawu amodzi akuti Machinga sanaone ndi mmodzi yemwe. Chimene waona ndi fomu.

Woyamba kulakwa ndine ndemwe. Tsiku limene ndinafika pano anzanga a m'chipinda anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ine n'kuyankha msanga kuti ku Balaka. Chikhalirecho pa tauni ya Balaka sindinagonepo usiku ndi umodzi womwe. Kwathu ndi kwa Kalembo, chakufupi ndi Ulongwe, pa msewu wopita ku Mangochi. Tikafuna msika waukulu timaloza ku Liwonde, tikafuna nsomba timaloza ku Malombe, ndipo ku Balaka timapitako pokhapokha boma litatiitana. Koma tsiku lija ndinaona ngati kunena kuti kwa Kalembo n'kuonetsa chimidzi pamaso pa ana a ku Blantyre. Sukulu inali itandiphunzitsa kale kuti yankho la munthu wophunzira ndi dzina la boma, ndipo linalo ndi la anthu osadziwa mapu.

Agogo anga, mayi awo a mayi, anabadwira kwa Kalembo komweko. Mwamuna anachita kuwatsatira pa chikamwini, ana anabereka pomwepo, ndipo manda awo ali pansi pa mtengo umene ankauona ali pakhonde. Koma pamapepala anasamuka kawiri. Ali mtsikana anali a m'boma la Kasupe. M'zaka za m'ma 1970 Kasupe anasanduka Machinga. Mu 1998 dera lonse la kuzambwe kwa mtsinje wa Shire linadulidwa ndi kukhala boma la Balaka. Palibe anabwera kudzawafunsa, ndipo iwonso sanadandaule, chifukwa dzina limene ankalidziwa silinagwedezeke. Mlendo akawafunsa kwawo ankatchula mudzi, natchula mfumu, basi. Ife adzukulu tinkawaseka kuti sadziwa boma lawo. Lero ndikafatsa ndimaona kuti pakati pa iwo ndi boma, amene ankasinthasintha mawu ngati mboni yabodza sanali iwo.

Tiyeni tiyambe ndi timawu titatu timene mwana aliyense wa kwathu amatidziwa asanalowe sukulu: ku, kwa ndi pa. Munthu akati akupita ku Liwonde, akunena tauni, kumene kuli msika, sitolo, chipatala chachikulu ndi mlatho wa Kamuzu Barrage umene unamangidwa mu 1965. Akati akupita kwa Liwonde, akunena dziko la mfumu Liwonde, midzi imene ili kuseri kwa paki, kutali ndithu ndi tauniyo. Ndipo mudabwe: tauni ya Liwonde ili m'dera la mfumu Sitola. Akati tikumane pa Liwonde, akunena pamene basi imaima, pamene anyamata amakukokera chikwama. Malo atatu, dzina limodzi, ndipo palibe munthu wa kumeneko anasocherapo. Chimodzimodzi Nkaya: pa Nkaya ndi pamphambano ya njanji, pamene njanji ya ku Nayuchi inapatukira mu 1970 kulowera ku doko la Nacala, kwa Nkaya ndi kwa mfumu ndi anthu ake. Kalaliki akalemba Liwonde kapena Nkaya pa fomu, timawu tija amatitaya ngati makoko, osadziwa kuti wataya mbewu ndi kusunga deya.

Kamawu kakuti kwa ndiko kondikhudza kwambiri. Kamanena kuti dziko limeneli lili ndi munthu woyankhapo. Ukafuna munda pali woti ukamuonekere, ukapalamula pali bwalo, ukafa pali woloza pokumba. Munthu akati ndine wa kwa Kawinga, kwa Chamba, kwa Amidu, kwa Sawali, wakuuza kale kumene ungakasume akakubera mbuzi. Akati ndine wa ku Machinga, wakuuza chabe kumene kuli faifi yake. Achimwene athu olankhula Chiyao akafunsa za kumangwenu safuna kumva dzina la ofesi ya bwanamkubwa. Akufuna mudzi wa mayi ako ndi mbumba imene unatulukamo, kuti adziwe ngati angakwatire mlongo wako kapena ndi mbale wawo.

Pamwamba pa mayina a mafumu pali kagawidwe kena kamene sikanalembedwe m'buku lililonse, koma aliyense amakatsata. Pali kutsidya. Wa ku Ulongwe amati anthu a kum'mawa kwa Shire ndi a kutsidya, iwonso amati ife ndife a kutsidya. Ophunzira amati mawu otere ndi osalongosoka chifukwa amasintha malinga ndi wolankhula. Nanga wolankhula amakhala m'malere? Amaima penapake, ndipo kutsidya kumamuuza kuti pakati pa iye ndi kumeneko pali madzi, pali ng'ona, pali bwato lolipira kapena ulendo wozungulira kudzera pa mlatho. Pali kumtunda ndi kumunsi, mawu amene amatsata madzi. Mlimi wa ku Utale amadziwa kuti iye ali kumunsi kwa Rivirivi, ndi kuti mtsinjewo ukhoza kumulowera m'nyumba usiku chifukwa cha mvula imene yagwa kumapiri a ku Ntcheu, pamene kwawoko sikunadonthe ndi dontho lomwe. Pali kudambo, kwa mpunga ndi udzudzu. Pali kunyanja, ndipo m'maboma awiriwa nyanjazo zilipo zitatu, Chilwa, Chiuta ndi Malombe, koma palibe amafunsa kuti iti, chifukwa aliyense amadziwa imene mnzake amadya. Pali kunjanji ndi kumsewu, kumene mitengo ya zinthu ndi ina ndipo atsikana amavala mwina. Pali kupaki, mawu amene mlendo akawamva amaganiza za zithunzi za njovu, koma kwa anthu okhala m'mphepete mwa Liwonde National Park kuyambira 1973 amatanthauza chimanga chodyedwa usiku, nkhuni zoletsedwa, ndi kwa mabanja ena midzi yakale imene anasiya mkatimo.

Awa ndi mapu ojambulidwa ndi mapazi. Amakuuza kuti uvale nsapato zanji, unyamule kamba wa masiku angati, ndi mwezi uti umene sungadutse. Tsopano tiwayerekeze ndi mapu a anthu ophunzira.

David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859 ndi kuilemba kuti Shirwa. Pa mamapu akale a azungu nyanja ya Malombe inalembedwa kuti Pamalombe. Taganizani mmene zinachitikira: mlendo afunsa kuti pano ndi pati, mwini dziko ayankha kuti pa Malombe, mlendoyo ameza yankho lonse ndi kamawu kake komwe, nalisindikiza ku London. Iye anatenga pa osadziwa kuti ndi chiyani. Ife zidzukulu za eni dziko timataya pa tikudziwa. Sindidziwa wochimwa kwambiri ndani. Atsamunda atakhazikitsa maboma, chigawo chino pachiyambi anachitcha Upper Shire, boma lake lili ku Liwonde. Kumtunda kwa Shire, inde, koma kumtunda kwa yani? Kwa munthu wokwera sitima ya pamadzi kuchokera ku nyanja yamchere. Kwa msodzi wa ku Malombe, Liwonde ndi kumunsi. Dzinalo linali la munthu wodutsa. Lilipobe lero pa dayosizi ya Anglican ya Upper Shire, koma ngakhale Akhristu ake akamapita kulikulu lawo amangoti tikupita ku Malosa.

Titalandira ufulu tinachotsa mayina a azungu, ndipo tinachita bwino. Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Hill anakhala Chitipa. Koma diso la mlendo lija, loyang'ana dziko kuchokera pa tebulo, tinalisunga. Kwa zaka zambiri aphungu athu ankaimira madera otchedwa Machinga Central, Machinga East, Machinga Central East, Machinga North East, Machinga South East, Balaka North, Balaka West, Balaka Central East. Ndani mwa inu anamvapo munthu akuuza kondakitala kuti anditsitse pa Central East? Ndani anakwatira mkazi wa ku North East? Mayina a mphepo zinayi awa, m'chinenero chimene ovota ambiri salankhula, ankangothandiza wowerenga mavoti ku likulu. Limodzi lokha linali ndi fungo la dothi, Machinga Likwenu, lotchedwa ndi mtsinje umene anthu amasambamo. Ndivomere kuti pamene madera anagawidwanso chisanachitike chisankho cha 2025, kuchoka pa 193 kufika pa 229, madera ena m'dziko muno anapatsidwa mayina a malo enieni. Zikomo, koma patenga zaka zoposa 60 kuti akuluakulu afike pamene agogo anali.

Ndiye muwerenge zipewa zimene tamuveka mlimi mmodzi wa thonje wa ku Utale uja. Pa kalembera wa dziko ndi wa m'chigawo cha kum'mwera, pakuti zigawo za boma ndi zitatu. Pamsonkhano wa chipani amauzidwa kuti ndi wa chigawo cha kum'mawa, pamodzi ndi Zomba, Machinga ndi Mangochi, ndipo apolisi nawo amagawa chomwecho. Mwana wake akalemba mayeso, a zamaphunziro amati ndi wa South East. A zaulimi amamuika pansi pa Machinga ADD, imene imagwira maboma anayi omwewo. Ngati ndi Mkatolika, bishopu wake ali ku Mangochi. Pa chiphaso ndi wa Balaka. Ofesi iliyonse inadula dziko ngati nyama ya pamaliro, aliyense ndi mpeni wake, ndipo mlimiyo akalephera kuyankha msanga kuti ndi wa chigawo chiti timati ndi mbuli. Pa zonsezi chimene ndimachiopa ndi chigawo cha kum'mawa cha andale. Sichinabadwe chifukwa anthu a kwa Chikweo ndi a kwa Phalula anazindikira kuti ndi amodzi. Chinakula pamene mavoti anayamba kuwerengedwa m'matumba, makamaka kuyambira 1994 pamene Bakili Muluzi wa kwa Kapoloma anakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo zipani zonse zinayamba kutiona ngati nkhokwe imodzi yoti mwini kiyi akaitsegule. Okhawo amene ndingawayamikire ndi alangizi a zaulimi. Madera awo a m'boma la Balaka ndi Bazale, Mpilisi, Phalula, Rivirivi, Ulongwe ndi Utale, mayina amene mlimi amawadziwa. Sizodabwitsa: mlangizi amayenda pa njinga, ndipo woyenda pa njinga amafunsa njira.

Wina anena kuti zonsezi ndi zokometsera chabe, dzina ndi dzina. Aphunzitsi athu, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti dzina la boma linakhalapo chitseko cha sukulu ino. Ndondomeko ya kota, yosankha ophunzira potengera boma lochokera, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inaimitsidwa ndi khoti mu 1993, inabwereranso m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndi kuthetsedwa mu 2020. M'zaka zimenezo funso lakuti kwanu n'kuti linasiya kukhala moni. Mwana wobadwira ku Ndirande, bambo wa ku Rumphi, mayi wa kwa Nsamala, ankakhala pansi ndi makolo ake kusankha boma limene lingamupatse mwayi, nakhala wa kumudzi kumene sanapondeko. Ndipo mwana weniweni wa kwa Ngokwe, wophunzira pansi pa mtengo, ankapikisana pa malo a Machinga ndi mwana wa kalaliki wa pa Liwonde wowerenga ndi magetsi, ngati kuti kukhala m'boma limodzi kumafananitsa miyoyo. Kota inati ikuthandiza maboma osauka, koma umphawi sukhala m'boma, umakhala kudambo, kumapeto kwa msewu, kumalire. Mapu a agogo akanausonyeza pamene uli. Mapu a ofesi anaubisa m'chiwerengero cha boma lonse.

Nali lina, la m'banja mwathu. Mu Januwale 2015, chaka cha madzi osefukira, amayi aang'ono anga anali atangobwerera kwathu kuchokera kutsidya kumene anakhala zaka zingapo ndi mwamuna wawo. Nyumba inagwa, ufa unanyowa. Atabwera olemba mayina a thandizo, kalaliki wa bungwe lina anaona pepala lawo ndi kunena kuti iwo ndi a boma linalo, akalembetse kumeneko. Anawoloka. Kumeneko anauzidwa kuti nyumba yogwayo ili m'boma lina, abwerere. Mfumu ya m'mudzi inkawadziwa, inkadziwa mayi awo ndi agogo awo, inkadziwa ndi chulu chimene chili kumalire a munda wawo, koma mawu a mfumu analibe kabokosi pa fomu ija. Anadya kwa abale mpaka kukolola. Mtsinje umene anauwoloka kawiri ndi mwana kumbuyo sunawafunse kuti ndi a boma liti.

Matenda nawo salabadira malire. Munthu wa pa Mangochi Turn-off ali m'boma la Balaka, koma chipatala chachikulu cha Machinga chili pa Liwonde, kungowoloka mlatho, pamene cha boma lake chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Ndipo Machinga yemweyo ali ndi mitu iwiri: maofesi a boma ali pa Machinga, m'mapiri pa msewu wa ku Zomba, chipatala ndi malonda zili pa Liwonde. Wa ku Nayuchi kapena kwa Chikweo akafuna chidindo amadzuka nkhuku zisanalire, natsika pa Ntaja, pa Nsanama, pa Liwonde, nakweranso phiri. Kwa iye mawu akuti ku boma satanthauza kwawo. Amatanthauza tsiku lotayika ndi ndalama ya thumba la nandolo.

Musandimve ngati ndikuti kudula Balaka mu 1998 kunali kulakwa. Pamenepo boma linatsata chimene anthu ankanena kale, kuti Shire ndi malire, ndi kuti dziko louma la malambe ndi thonje la kuzambwe si limodzi ndi dziko la madambo la kum'mawa. Sindikupemphanso maboma atsopano. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka, ndipo alipo amene angafune kudulanso. Koma boma latsopano limabwera ndi bwanamkubwa, galimoto, mbendera ndi fomu ina. Matenda sali pa kukula kwa boma. Ali pa kuganiza kuti mzere wa ofesi ndiwo woona, ndipo dzina la mwini dziko ndi lomveka pamowa pokha.

Tsopano ndidziyankhe ndekha, ena asanandiyankhe m'kope lotsatira. Adzati: iwe ukufuna kutibweza ku mafuko ndi mafumu, pamene dzina la boma limatiphatikiza tonse. Yankho loyamba ndi lakuti dzina la Machinga lenilenilo ndi la fuko. Amachinga ndi nthambi imodzi ya Ayao, monga Amangoche ndi Amasaninga, amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kum'mawa, dziko limene lero ndi Mozambique. Yohanna Abdallah analemba za nthambi zimenezi m'buku lake lotuluka mu 1919. Anapeza Amang'anja ndi Anyanja ali kale m'mbali mwa Shire ndi nyanja. Pambuyo pake anafika Alomwe ochuluka, kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo chakumalire ndi Ntcheu kuli Angoni. Dzina la Kasupe linali la madzi otumphuka pansi, amene amamwa aliyense. La Machinga ndi la anthu ena mwa anthuwo. Sindikuti tilichotse. Ndikungoti amene amati dzina la boma lilibe fuko sanalifunse dzinalo kumene linachokera.

Yankho lachiwiri ndi lowawa kwa ine ndemwe. Mapu a kwa nawonso ali ndi magazi. Mafumu ena amene mayina awo timawatchula monyadira lero anakula ndi mfuti ndi malonda a akapolo. Kawinga anakhala pa phiri la Chikala mpaka asilikali a atsamunda anamugonjetsa mu 1895, ndipo si onse okhala m'munsi mwa phirilo amene analira. Atsamunda omwewo ndiwo anadzasankha mafumu oti awazindikire ndi kuwapatsa malire okhomera msonkho. Ndipo masiku ano ufumu umakwezedwa ngati mphatso. Pamene Balaka ankakhala boma, mafumu aakulu odziwika anali awiri, Kalembo ndi Nsamala. Lero alipo ambiri, ena oyenera ndithu chifukwa anthu achuluka, ena okwezedwa chisankho chitayandikira. Mudzi umodzi umasweka patatu kuti mayina achuluke pa mndandanda wa feteleza. Zimenezi ndikuzidziwa. Koma taonani kusiyana kwake. Dzina la anthu limasunga mkangano wake poyera: mukafunsa nkhalamba ya kwa Sawali kapena kwa Chanthunya idzakuuzani kuti kale kuno kunali kwa yani, anadula ndani, chifukwa chiyani, ndi amene sanakondwe. Dzina la ofesi limadzionetsa ngati linagwa kumwamba. Ine ndisankha mapu amene ndingatsutsane nawo pabwalo.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti alendo akafuna chinthu kwa ife amaphunzira mayina athu msanga. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza midzi ya Ayao a dera lino ndi kutulutsa buku lake The Yao Village mu 1956, anayenda mudzi ndi mudzi kufunsa kuti mbumba iyi ndi ya yani. Lero phiri la Kangankunde m'boma la Balaka, chifukwa cha miyala yake ya mtengo wapatali, limalembedwa bwinobwino, chilembo ndi chilembo, m'malipoti a kampani ya Lindian Resources ku Australia. Iwo sananene kuti phiri lina la ku Balaka South. Ngakhale Apwitikizi, pa siteshoni yoyang'anana ndi Nayuchi, anaika dzina lakuti Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja, chifukwa anaona kuti njanji ikudutsa pa kamtunda ka mchenga pakati pa Chilwa ndi Chiuta. Koma ife amene tinayamwa mayinawa timalemba kuti m'mudzi wina. Tili ndi malo otchedwa Chiyendausiku, pa msewu wa pakati pa Liwonde ndi Balaka, dzina limene palokha ndi theka la nthano, ndipo timadutsapo pa basi tikuwerenga za misewu ya ku Dublin, imene mwini wake sanachite nayo manyazi kuitchula umodzi umodzi. Oimba a ku Balaka, a Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, anapangitsa dziko lonse kudziwa kuti kuli kamvekedwe ka ku Balaka. Alembi ake tikanali kubisala kuseri kwa mudzi wina.

Kwa inu aphunzitsi, pempho langa ndi laling'ono. Mukatituma kukafufuza, musakhutire ndi mutu wakuti boma la Machinga. Tifunseni kuti kwa yani, kumtunda kapena kudambo, ndipo anthu akumeneko amadzitcha a kuti. Inu a jogalafe, tumizani ophunzira a chaka chachitatu ndi makope, akalembe mayina a madambo, zitsime, madooko, zulu ndi manda a kwa Mlomba kapena kwa Kachenga nkhalamba zisanathe, ndipo alembe ndi ku, kwa ndi pa wake yemwe. Inu a chinenero, tiuzeni chifukwa chimene timawu timeneti timaphunzitsidwa ngati malamulo a galamala oloweza, osati ngati nzeru za dziko. Ndipo inu amene mudzakhale makalaliki, abwanamkubwa ndi olemba mafomu zaka zisanu zikubwerazi, pakuti ambiri a ife ndiko tikupita, siyani kabokosi kamodzi koti munthu anene yekha kwawo.

Mnzanga wa nthano ija ndinakumana naye kukantini masiku apitawa, ndipo ndinamufunsanso, tili awiri, kuti mtsikana wake uja ndi wa kuti. Anazengereza, kenako anati ndi mlongo wake, wa kwa Chamba, m'munsi mwa phiri la Chaone, ndipo tsiku limene anathawa ukwati anatsika phirilo usiku ndi nsapato m'manja kuti agalu asamve. Zonsezi m'nthano munalibe. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati ankaopa kuti owerenga a ku Lilongwe sadziwa kwa Chamba.